Mphindi Ziwiri Zimene Ndinadula

1

Ntchito yanga ndi yodula mawu a anthu, makamaka anga. Ndimagwira pa kaofesi ka zipinda ziwiri kamene kamapanga mavidiyo ophunzitsa anthu kompyuta. Ndimayatsa pulogalamu yojambula sikirini, n'kumachita pang'onopang'ono chimene ndikufuna wophunzira aone, uku ndikufotokoza pa maikolofoni. Ndikamaliza ndimaiyala vidiyoyo pa pulogalamu ina yokonzera, n'kuyamba kuchotsa zitsokomolo, ma "eee" ndi malo onse amene lilime linapunthwa. Woonera amayesa kuti ndine mayi wosaphonya mawu. Sadziwa kuti pa mphindi khumi zilizonse ndimataya zinayi.

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikudula mtima uli m'malo. Koma pali mphindi imodzi ndi masekondi 52 zimene ndinadula chaka chatha, ndipo zinatsala pang'ono kundiphera munthu. Ndikulemba kuno chifukwa kwathu aliyense ali ndi mbali yake pa nkhaniyi, ndipo palibe amene ndingamuuze yonse iye osandidula pakamwa.

Pakhomo pathu tinakula atatu: ine, mlongo wanga amene amayendetsa magalimoto a katundu, ndi Mzime. Dzina lenileni ali nalo, koma bambo anamutcha Mzime tsiku limene analowa m'nyumba ali m'nsalu, ndipo dzinalo linakanirira mpaka aphunzitsi ake ankamuitana choncho. Ndimasiyana naye zaka 17. Ine sukulu ndinaisiyira panjira ndili mtsikana, ndinadzaimalizira ku sukulu yamadzulo nditakula kale, masana ndikukolopa mu ofesi yomweyi imene lero ndili ndi desiki yanga. Mzime ndiye anali wamutu. Atasankhidwa kupita ku sukulu ya unamwino, bambo anayenda msewu wathu wonse akuuza ngakhale anthu amene sankapatsana nawo moni.

Patatha chaka, Mzime anatulukira ku ofesi kwathu ndi chikwama chake. Anati magazi amamuchititsa chizungulire, ndipo chimene iye akufuna ndi ntchito yangayi. Abwana anamuyesa tsiku limodzi lokha, poweruka n'kundinong'oneza kuti ndikhale tcheru, mwanayu adzandilanda mpando.

Bambo atamva anapsa mtima kuposa mmene ndinawaonerapo. Anati unamwino asiye ngati wafuna, akagulitse ngakhale mabatani pamsika, koma osati kukhala phewa ndi phewa ndi ine tsiku lonse. Mzime sanamvetse chifukwa chake, ndipo pakamwa pake sipachedwa.

"Ababa, moyo ndi wanga. Inu zilamulirani nkhunda zanuzo."

Bambo ankaweta nkhunda kuseri kwa nyumba, ndipo mawu akawathera ankapita kumeneko. Tsikulo anangonyamuka kupita kukhola. Kuyambira pamenepo awiriwo sanalankhulane, miyezi itatu yathunthu, ndipo Mzime anasamukira kwanga.

2

Linali Lachiwiri masana. Abwana ndi Mzime anali atapita ndi kamera kukajambula kwa kasitomala, ine ndinatsala ndekha ndikujambula phunziro la katumizidwe ka chikalata pa imelo. Ndili pakati, foni ya vidiyo inalira pa kompyuta pomwepo. Anali amayi. Bambo anali atagona masiku anayi m'chipatala cha kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, mtima utawavuta.

Ndinayankha osazimitsa chojambulira. Kadontho kofiira kankaphethira pakona pa sikirini, ine osakaona.

Amayi ndi amene anagwira foni. Bambo anali ndi kapaipi m'mphuno, koma nthabwala sanasiye. Anati tiyi wa m'chipatalamo ndi madzi amene anangodutsa pafupi ndi masamba. Kenaka anayamba kutitchula mmodzimmodzi, monga amachitira munthu amene akulongedza katundu wa ulendo. Tinalankhula mphindi 11 ndendende. Lachinayi m'mawa anatisiya. Ine ndi Mzime tinali m'basi, iye atameza kunyada kwake kuti akawapepese. Tinafika patatha maola atatu, pabedi atayalapo kale nsalu zina.

Maliro atatha ndinabwerera kuntchito, Mzime akadali kwa amayi. Ndinatsegula fayilo yotchedwa "Phunziro 14" kuti ndiimalize. Ndinamva mawu anga akuti "dinani apa," kenaka nkhope ya bambo inadzaza sikirini yonse, akupuma, akuseka. Ndinalira mpaka abwana anatuluka m'chipinda chawo. Iwo ndi munthu wabwino, koma m'kamwa mwawo simugona nkhani. Mlongo wanga atabwera kudzanditenga poweruka, anamva zonse kwa abwanawo asanazimitse injini. Pofika kunyumba banja lonse linali litadziwa kuti Lamlungu tikaonera bambo.

3

Ndinaimbira amayi ndili pakhonde, chitseko nditatseka.

"Pajatu pali paja," anatero.

"Ndikudziwa, amayi."

"Ntchito yako si yodula? Udule."

Amene simunaonepo pulogalamu yokonzera vidiyo ndikuuzeni chinthu chimodzi. Mawu a munthu amaoneka pa sikirini ngati mzere wa timapiri. Liwu lililonse ndi kaphiri, ndipo pamene munthu wapuma pamakhala kachigwa. Mpeni umadutsa pachigwapo. Ukadula pamwamba pa kaphiri, ngakhale mwana amamva kuti apa padumpha. Bambo analankhula movutika foni yonse, zigwa zili mbwee. Koma atafika pa Mzime, sindikudziwa mphamvu anaitenga kuti. Mawu anatuluka ogwirana, opanda podutsa mpeni, ndipo chimene Mzime ankafunika kumva chinali cholukana ndi chimene ine ndinkaopa kuti amve, m'chiganizo chimodzimodzi.

Loweruka lonse ndinakhala pa desiki ndikuyesa kulekanitsa ziwirizo. Ndinakulitsa timapirito mpaka liwu limodzi kudzaza sikirini. Ndikapulumutsa dzina lake, mchira wa liwu loyandikana nalo unkatsalira. Ndikachotsa mchirawo, bambo ankamveka ngati akumira m'madzi. Dzuwa litapendeka ndinagonja. Ndinadula chigawo chonsecho, n'kulumikiza mbali ziwiri zotsala, pamsokopo n'kuikapo chithunzi cha bambo atanyamula nkhunda yoyera, cholowa pang'onopang'ono n'kutulukanso pang'onopang'ono. Inali ntchito yaukhondo. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinaisirira.

Lamlungu tinakhala pabalaza pa amayi, laputopu ili patebulo. Bambo ananditchula ine. Anatchula mlongo wanga n'kumuuza kuti achepetse liwiro. Anatchula mlamu wanga amene anali woyembekezera. Anatchula ngakhale nkhunda ina yothyoka mwendo, kuti tisaiphe, iyenda. Anatsanzika, sikirini n'kuda.

"Yatha?" anafunsa Mzime.

Ndinati yatha.

Mlongo wanga, amene mabuleki ali nawo pa galimoto pokha, anafuna kutiseketsa kuti misozi iume.

"Mzime, mpaka nkhunda yopunduka kukuposa? Unawakwiyitsa zedi madala."

Palibe anaseka. Amayi ananyamuka kukatereka madzi amene anali atawira kale. Mzime anapempha kuti ndimuikire vidiyoyo pa foni yake, mawu ali phee, ngati akupempha mchere.

4

Anaionera m'basi, anaionera kubafa, anaionera pa desiki atavala mahedifoni ine ndikuyesa kuti akugwira ntchito. Ankasaka dzina lake ngati mwina linabisala pakati pa mpweya wa bambo. Sabata yachiwiri anayamba kusiya chakudya m'mbale. Yachitatu, siketi inayamba kumuzungulira m'chiuno, n'kumaigwiriza ndi pini. Mwana amene ankamva kachitsokomolo kamene ine ndaphonya anatumizira kasitomala vidiyo yopanda mawu, mphindi makumi awiri za munthu wongoyasamula. Abwana anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti mng'ono wangayu akutha ngati sopo wa m'bafa ya anthu ambiri, ndimutengere kwa dokotala.

Dokotala akanapeza chiyani? Matenda ake ndi mankhwala ake omwe zinali m'kompyuta yanga, m'foda yotchedwa "Maphunziro".

Tsiku lina ndinamupeza atatsegula mabuku ake akale a unamwino pa mutu wa matenda a mtima. Anandiwerengera mzere wonena kuti mkwiyo wokhalitsa umalemetsa mtima wa munthu wachikulire. Anawerenga modekha, ngati ali m'kalasi, chala chili pansi pa mzerewo.

"Ndiye kuti ndine, achemwali. Miyezi itatu ija ndinkawapha pang'onopang'ono. Iwo anadziwa, n'chifukwa chake dzina langa linawakanika pakhosi."

Ndinamuuza kuti asalankhule zopanda mutu, bambo anali otopa, anangoiwala. Iye anandiyang'ana n'kufunsa ngati munthu angakumbukire mwendo wa nkhunda n'kuiwala mwana wake. Tsiku lomwelo ndinasonkhanitsa mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale a mutu, n'kukawatsekera m'kabati ya kuntchito.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi. Ndinawapeza kuseri akuwazira nkhunda chakudya, atavala juzi ya bambo. Ndinawauza kuti mwana akutha, tiyeni timuonetse, zichitike zochitika. Amayi sanatembenuke.

"Bambo ako ndaika m'manda mwezi wathawu. Ukufuna nditayenso Mzime chaka chomwechi? Dikira nditsogole kaye ine, kenaka uchite zimene ukufuna."

Sindiwaweruza amayi. Ndi iwo amene anamubereka kumsana, kumuthamangitsira kuchipatala akatentha thupi, kumusokera yunifomu ikang'ambika. Ndipo ndinene zoona: kukana kwawo kunandipepuza. Ndinapeza pobisala. Ndinkatha kudziuza kuti ndikumvera amayi, chikhalirecho wamantha weniweni ndinali ine. Ndinabwerera kunyumba, ndinamuphikira Mzime zimene amakonda, ndinamunyengerera ngati kakhanda. Anadya masupuni awiri n'kundithokoza.

5

Nditasowa pogwira, ndinagwira luso langa. M'foni mwanga munali uthenga wakale wa mawu umene bambo ananditumizira tsiku limene Mzime anasankhidwa ku unamwino. Unali wautali, koma pakati pake panali mawu awa: "Mzime wanga ameneyo, ndikumunyadira." Ndinawatapa n'kuwaika pansi pa chithunzi chija, pamsoko pomwe paja. Ndinawachedwetsa pang'ono kuti amveke ngati a munthu wodwala. Ndinakopera kulira kwa makina a m'chipatala kuchokera pena mu vidiyo yomweyo, ti, ti, ti, n'kukuyala pansi pake. Phokoso la kumbuyo ndinalitsuka katatu. Masekondi anayi okha, koma ananditengera masiku awiri, ndikuchita mozemba Mzime akatuluka.

Ndinkadziwa kuti ndikuika mawu m'kamwa mwa munthu wakufa. Ndinkadziuza kuti mawuwo ndi awo ndithu, ine ndangowasamutsa tsiku.

Lachisanu masana ndinamuitana. Ndinati pulogalamu inadumpha kachidutswa potulutsa vidiyo, ndakapeza lero. Anavala mahedifoni. Atamva, nkhope yake inatseguka. Anamwetulira, koyamba m'masabata asanu ndi limodzi, misozi ili chuchuchu, ndipo ine ndinati mumtima, ndapulumuka. Anabwereza kachiwiri. Kachitatu anatseka maso. Kachinayi anakweza voliyumu mpaka pothera, n'kukanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri, monga ndinamuphunzitsira ndekha: usamvere mawu okha, mvera zimene zili pansi pa mawu.

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Achemwali, chipatala chimenechi chimaweta nkhunda?"

Pansi pa liwu loti "wanga" panali kulira kwa nkhunda, kochepa ngati mpweya. Bambo anajambula uthenga uja ataimirira pakhola. Ine kulirako ndinakumva moyo wanga wonse, moti khutu langa linasiya kalekale kukuwerengera ngati phokoso.

Sanakalipe. Anavula mahedifoni n'kuloza pamwamba pa sikirini, pamene pamaoneka kawotchi kowerenga kutalika kwa foni. Chojambulira sikirini sichisankha, chimatenga zonse zimene zilipo, ndipo ine poyang'ana timapiri tanga kawotchiko ndinakaiwala. Anati anaona kalekale kuti kawotchi kakuthera pa mphindi 11 pamene vidiyo ya m'foni mwake ndi ya mphindi 9 ndi masekondi 8, koma ankayesa kuti ndinachotsa zitsokomolo apa ndi apo monga mwa chizolowezi changa. Tsopano anabweza vidiyo pa chithunzi chija. Chisanalowe, kawotchi kanali pa mphindi 6. Chitatuluka, kanali pa mphindi 8.

"Muli chiyani m'menemo?"

Ndinati zitsokomolo.

"Chitsokomolo cha mphindi ziwiri, malo amodzi? Akanafera pa foni pomwepo."

Anatenga kachikwama kake n'kutuluka nthawi yoweruka isanakwane. Kunyumba ndinakapeza atadzitsekera kuchipinda. Ndinagogoda, ndinaitana, anangoti mutu ukumupweteka.

6

Loweruka m'mamawa ndinapita ku ofesi ndi cholinga chimodzi. Pulogalamu yokonzera vidiyo sitaya chimene wadula, imangochibisa. Ukagwira m'mphepete mwa chidutswa n'kukoka, zodulidwa zija zimatuluka zonse ngati nsalu yopindidwa. Kuti zife zenizeni uyenera kufufuta fayilo yoyambirira. Mzime ankadziwa zimenezi, ndipo pasiwedi ya kompyuta yanga ankaidziwanso. Pa Phunziro 3 pali mawu anga, odekha bwino, akuuza anthu kuti fayilo yoyambirira musaifufute zivute zitani. Ine ndinaisankha, n'kudina kuti ichoke osabwereranso. Kompyuta inatulutsa kabokosi kofunsa ngati ndatsimikiza.

Ndili chiyang'anire kabokosiko, chitseko chinatseguka. Anali Mzime, atanyamula chikwama chachikulu chomwe chija anabwera nacho kuchokera ku unamwino. Anati wabwera kudzasiya makiyi a ofesi. Akupita kwa mnzake wina kutali, chochita akaona komweko.

Ndinayembekezera ukali. Iye anaika chikwama pansi n'kundikumbatira, ndipo manja anga anawerenga nthiti zake kupyola bulauzi.

"Ndamvetsa, achemwali. Ananditemberera, eti? Inu munadula kuti ndisamve. Mpaka kukatola mawu akale kuti mundisangalatse. Ndi akulu angati angachitire mng'ono wawo zotere? Zikomo. Musandionetse ayi, sindingapirire. Ndingonyamula mmene zililimu."

Kuseri kwa phewa lake ndinkaona kabokosi kaja. Kudina kamodzi kokha, chinsinsi changa chikanagona mpaka kalekale, ine n'kutsala mkulu wachifundo amene anateteza mng'ono wake. Iye akanakwera basi atasenza temberero limene bambo sanalinene, uku akundithokoza. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Inali yaitali kuposa mmene munthu wabwino akanaimira.

Ndinadina poti ayi. Ndinatsegula pulogalamu, ndinachotsa chithunzi, ndinachotsa masekondi anayi abodza aja. Msoko unaonekera poyera. Ndinamukhazika pampando wanga n'kumuika mausi m'dzanja. Anafuna kudzuka, ndinamugwira phewa.

"Koka apa. Kokera kumanja mpaka pothera."

7

Timapiri tinatuluka, togwirana. Mahedifoni sanavale, mawu a bambo anadzaza ofesi yonse.

"Mwana wako Mzime umuuze kuti agogo akewa sanamukwiyire ngakhale tsiku limodzi, ankangoopa kuti akamakhala ndi mayi ake kutacha kulikonse adzaona kuti amaseka mofanana, amayenda mofanana, adzazindikira, ine n'kumutaya. Kunali kudzikonda kwanga. Ntchitoyo aigwire, manja ndi a mayi ake. Tinakulanda mwana uli ndi zaka 17 tikuti tikukuteteza. Umuuze wekha ndi pakamwa pako, ine ndachedwa."

Masekondi otsalawo anali anga. Pakona pa sikirini pamakhala kawindo kakang'ono koonetsa woyankha foni, ndipo m'menemo munali nkhope yanga ikupukusa mutu, ikuti ababa siyani, sindingathe. Amayi ankamva zonse, foni ili m'manja mwawo. Bambo anandichonderera katatu. Kachitatuko ndinalonjeza.

Zonse zinali zoona. Ndili pasukulu ndinapezeka ndi pakati, mwini wake n'kuthawa osatsanzika. Amayi ananditengera kwa achibale akutali, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi tinabwerako ndi khanda, lili kumsana kwa iwo. Mlongo wanga anali wamng'ono. Anauzidwa kuti amayi abwera ndi mwana, anakhulupirira. Ine ndinaphunzira kunena kuti "mng'ono wanga" mpaka lilime linazolowera. Mtima wokha ndi umene unakana kulowa m'kalasi imeneyo.

Mzime anabweza vidiyo kumbuyo n'kumveranso. Osati zonse, mawu okhawa oti "sanamukwiyire ngakhale tsiku limodzi." Anawamvera kasanu. Kenaka anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kulankhula akuyang'ana sikirini, osati ine.

"Zoti ndinu ndani kwa ine, lero ndilibe poziika. Ndiziona. Koma awa anali mawu anga. Anawatumiza kwa ine, inu munali wongowanyamula. Masabata asanu ndi limodzi mukundinyengerera kuti ndidye, mawu anga muli nawo m'kompyuta."

Ndinati ndinkaopa kuti andida.

"Ndiye munasankha kuti ndidzide ndekha."

Anagwiranso mausi. Anatulutsa vidiyo yonse ndi manja ake, mphindi 11 zosadula, zitsokomolo ndi kupukusa mutu kwanga komwe. Tinayang'ana kamzere kobiriwira kosonyeza kutuluka kwa vidiyo kakudzaza pang'onopang'ono. Katadzaza anaikopera pa fulashi, ananyamula chikwama, n'kutuluka. Makiyi anawasiya pa desiki.

8

Kutali kuja sanapite. Anapita kwa mlongo wanga, amene atamva nkhaniyi akuti anakhala chete tsiku lonse, chinthu chimene mlamu akuti sanachionepo chilowereni m'banja. Kwa amayi anapitako patatha sabata. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Amawaitanabe amayi, ndipo nkhunda akuzisamala awiri. Yothyoka mwendo ija inayendadi. Ine amayi sanandikhululukire kwenikweni chifukwa chosadikira, koma akandiona amandipatsa mpando.

Patatha masabata atatu anabwera kudzatola makiyi ake pa desiki. Akudya tsopano, pini ija anaitaya. Timakhala phewa ndi phewa tsiku lonse, monga bambo ankaopera. Sanditchulanso kuti achemwali. Kuti amayi sananditchulepo. Ndine "inu": inu, fayilo ija ili kuti, inu, maikolofoni mwaisiya yoyatsa. M'mavidiyo ake amasiyamo zitsokomolo, ndipo abwana akadandaula amangoti munthu amatsokomola, bwana.

Owerenga anzanga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni, ndipo amayi anga musawanene. Zimene tinachita ndili ndi zaka 17 tinachita ndi mantha a anthu osowa kolowera, ndipo mwina tsiku lina Mzime adzazimvetsa. Zimene sindikudziwa ngati adzazimvetsa ndi masabata asanu ndi limodzi aja, pamene ndinali mayi wamkulu, wodziwa ntchito yake, ndikumuona mwana wanga akutha, ine n'kumasalaza msoko. Ngati pali mawu amene wina anakusungitsani kuti mukapereke, si anu. Ngakhale manyazi anu atalukana nawo moti simungathe kulekanitsa, si anu. Kaperekeni ali ogwirana choncho, mwini wake akadali ndi thupi loti awamvere.

Ine ndatsala ndi kudikira. M'mawa uliwonse ndimafika msanga, ndimayatsa makompyuta onse awiri, ndimamva mapazi ake pa masitepe. Chitseko chikatseguka ndimatchera khutu pansi pa mawu, kuti ndimve lero andiitana ndani.